Mutu 4: Gitala ya Pamwamba pa Chitofu

1. Lamulo la m'nyumba

M'nyumba ya Mayi Bernice Flett munali malamulo ambiri, koma lalikulu linali limodzi: gitala ya malemu sikhudzidwa.

Gitalayo inali pamsomali m'khitchini, pamwamba pa chitofu cha nkhuni. Anaikoleka pamenepo ndi Mayi Flett eni ake, tsiku lomwe anthu anabalalika pa maliro a amuna awo, a Armand, m'mwezi wa Meyi. Ankati pafupi ndi chitofupo ndi pomwe malemuwo ankakhala akaweruka kuntchito yawo yokonza misewu, choncho gitalayo iziotha moto m'malo mwawo.

Noella, mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, sanatsutse nthawi yotentha ija. Chitofu chinali chozima, mawindo ali otsegula. Koma tsopano unali Januwale. Chipale chofewa chinali chitafika m'mawindo, moto sunkazima, ndipo mpweya wa m'nyumba unali wouma moti munthu unkadzuka milomo itang'ambika.

Lachisanu lina m'mawa, awiriwa akudya phala, pakhoma panamveka kaphokoso ngati kamtengo kouma kathyoka. Mayi Flett anachita ngati sanamve. Atangotembenuka kuti athire tiyi, Noella anakwera pampando n'kuyendetsa chala m'mbali mwa khosi la gitalayo. Timizere tachitsulo ta pakhosipo tinali titatulukira m'mbali ngati mano a sowo, ndipo tinamucheka.

“Tsika pampandopo,” anatero mayi ake osakweza mawu.

“Amayi, gitalayi ikuuma. Taonani, yandicheka.”

“Yakucheka chifukwa wagwira chomwe ndinakuletsa.”

Noella anatsika, koma pakamwa sanatseke. Anawakumbutsa kuti bambo ake anamuphunzitsira pa gitala yomweyo, kuti sankailola kugona kunja kwa bokosi lake ngakhale tsiku limodzi, ndiponso kuti nsambo zake zachita dzimbiri lonse.

Mayi Flett anaika kapu pansi.

“Dzimbiri limenelo ndi thukuta la bambo ako. Zala zawo zinathera pa nsambo zimenezo. Zovala ndinagawa, njinga yawo ya pachipale ndinapatsa amalume ako, mfuti inapita. Chomwe chatsala m'nyumba muno chomwe anachigwira komaliza ndi chimenecho. Ndikabwera kuntchito ndimafuna ndichione pomwe ndinachisiya. Palibe amene achichotse ndili moyo, wamva?”

Noella anamva, koma sanavomere. Kwathu kuno a kwa Flett timawadziwa: akati ayi, ngakhale ansembe amangotola chipewa n'kumapita. Vuto ndi lakuti m'nyumba iyi munali a Flett awiri, ndipo wamng'onoyo liuma anachita kuyamwira.

2. Mawu a Agogo Ducharme

Ataweruka kusukulu, Noella sanalunjike kunyumba. Anapita kwa a Gilbert Ducharme, nkhalamba yoimba vayolini yomwe inkakhala kumapeto kwa tauni, kuseri kwa bwalo la masewera a pa ayezi. Kwa zaka zambiri, dansi iliyonse ya kuholo inkayenda ndi anthu awiri: a Ducharme pa vayolini, a Armand pambuyo pawo ndi gitala. Chiyambire maliro aja, nkhalambayo inkaimba yokha n'kumaponda pansi ndi mapazi onse awiri kuti pamveke ngati pali mnzake.

A Ducharme ankakonzanso zoimbira za anthu m'kachipinda ka kuseri. Munkanunkha guluu ndi utuchi, ndipo pachitofu chawo pankakhala chiketulo chosavundikira chomwe chinkafuka nthunzi tsiku lonse. Ana a m'tauni ankati agogowo amaphika mpweya.

Anamupatsa Noella tiyi ndi chigamphu cha banoki, buledi wokazinga uja, n'kumumvera mpaka anamaliza. Kenako anayang'ana chala chochekedwacho n'kupukusa mutu.

“Mvera, mdzukulu wanga. Anthu amaganiza kuti mtengo ukadulidwa ndiye kuti wafa. Sunafe. Thabwa limapumabe. Nthawi yotentha limamwa chinyontho n'kufufuma, nthawi ya chisanu limauma n'kukhwinyata. Chitsulo sichikhwinyata nalo, n'chifukwa chake chatulukira kunja n'kukucheka. Ilo ndi chenjezo chabe. Thabwa la pamimba pa gitala ndi lopyapyala ngati chikuto cha buku, ndipo nsambo zikulikoka usana ndi usiku. Likauma kwambiri limang'ambika. Kuno kwathu magitala safa ndi ukalamba, amafa ndi chitofu.

“Gitala malo ake ndi m'bokosi lake, kutali ndi moto, kutali ndi windo. Utenge siponji, uinyowetse, uifinye mpaka isadonthe, uiike m'kambale ka sopo koboola chivundikiro, n'kutsekera m'bokosimo. Siponji ikauma, unyowetsenso. Usanaimbe usambe m'manja, makamaka ukadya banoki ngati momwe ukuchitiramu. Ukamaliza upukute nsambo ndi kansalu, pamwamba ndi pansi pomwe. Ndi ntchito yaing'ono, koma aulesi imawakanika.”

Noella anapukuta zala pa buluku mwamanyazi, n'kufunsa za nsambo zatsopano. A Ducharme anakoka dirowa yodzaza ndi mapaketi. Dzanja la Noella linathamangira paketi ya nsambo zokhuthala, zomwe bambo ake ankagula. Nkhalambayo inamulanda bwinobwino n'kumupatsa ina.

“Zija ndi za gitala yathanzi, komanso za zala ngati za Armand, zogwira fosholo. Nsambo yokhuthala imalira kwambiri, inde, koma imakokanso kwambiri. Munthu wochokera kuchipatala sumusenzetsa thumba la ufa. Gitala imeneyo ikufuna zopepuka izi, mwina chaka chonse, mpaka itapeza mphamvu.”

Noella anati zopepuka sizingamveke kuholo anthu akayamba kuponda.

“Ukufuna phokoso kapena ukufuna gitala?” anamufunsa.

Noella atawauza zomwe mayi ake ananena za thukuta la pa nsambo, a Ducharme anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasiya kuseka msanga ngati achita manyazi. Anati a Armand nsambo sankazilemekeza ngakhale pang'ono. Zikangosiya kuwala ankazichotsa, ndipo zing'onozing'onozo ankakatchera akalulu kuthengo. Theka la msuzi womwe Noella anakulira linagwidwa ndi nsambo za gitala.

“Koma zimenezo usakawauze amayi ako mwachipongwe,” anapitiriza. “Tsono pali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna uzisunge kuposa zonse ndanenazi. Choyamba: gitala siyenda m'chisanu popanda bokosi. Ndipo ikachokera panja n'kulowa m'nyumba yotentha, sutsegula. Umaisiya pakona, n'kumwa tiyi, n'kucheza, mpaka ukagwira bokosilo lisakuzizirenso m'manja. Thabwa ndi vanishi sizifunda pa liwiro limodzi. Ukafulumira, ulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

“Chachiwiri: usaibe. Amayi ako sakudana ndi gitala, akulira mwamuna wawo. Munthu wolira sumulanda chomwe wagwira, umamupempha mpaka atatambasula yekha dzanja. Kawauze abwere kuno, ndidzalankhula nawo ine.”

Noella anagwedeza mutu pa zonse ziwiri. Koma ana athuwa ali ndi makutu osankha: za siponji anamva, za nsambo zopepuka anamva, zinazo zinangodutsa.

3. Loweruka

Madzulo ake Noella anayesadi kuwapempha mayi ake. Mayi Flett anayankha kuti a Gilbert asamale za mavayolini awo, za m'nyumba ya eni azisiye. Noella atapempha bokosi lokha kuti gitalayo izigonamo, anamuuza kuti bokosilo lili kuchipinda kwawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo chipindacho chizikhala chokiya.

Loweruka m'mawa Mayi Flett anapita kuntchito yawo yophikira okalamba kunyumba yosungirako nkhalamba. Ankaweruka chakumadzulo. Noella anatsala yekha ndi gitala ija, ndipo akutsuka mbale, kaphokoso kaja kanamvekanso.

Anaponya nsalu yotsukira m'madzi. Mtima wake unali utapsa, ndipo sanafune kuuziziritsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakwera pampando, anaichotsa gitalayo pamsomali, ndipo anadabwa kuti kumsana kwake kunali kotentha ngati buledi wongophula kumene.

Anayesa chitseko cha kuchipinda kwa mayi ake. Chinali chokiya. Choncho anakatenga bulangeti lochindikala la pabedi pake, anaikulunga gitalayo ngati khanda, namanga ndi lamba wake.

Kunja kunali kozizira kwa mtundu uja womata mphuno munthu ukangopuma koyamba. Utsi wa m'nyumba zonse unkakwera mowongoka, chipale chikulira pansi pa nsapato. Ulendo wa kwa a Ducharme si waufupi ukhala wapansi, ndipo mphepo ya pabwalo la masewera inkaboola bulangeti ngati palibe. Pofika pakhomo, zala za Noella zinali zitafa dzanzi.

A Ducharme kunalibe. Njira ya njinga yawo ya pachipale inkalowera kumtsinje, komwe ankawedza pabowo la pa ayezi. Koma chitseko chinali chosakiya, pakuti kuno nthawi ya chisanu sitikiya khomo lakunja, kuopa kuti wina angafere pakhonde. Noella analowa, anaponya nkhuni m'chitofu, naika katundu wake patebulo.

Anadikira pang'ono. Anavula nsapato, anaotha manja, anayang'ana wotchi. Anagwira bulangeti lija, ndipo linali lozizira ngati nsomba. Mawu a agogo aja anawakumbukira bwinobwino, tisamunamizire kuti anaiwala. Anangodziuza kuti iwo ankanena za bokosi, osati bulangeti. Komanso nthawi inkatha, ndipo iye ankafuna kuti mayi ake pobwera apeze gitala ili pamalo pake, yopukutidwa, yowala, kuti aone okha kuti wolondola anali ndani.

Anamasula lamba, nafunyulula bulangetilo pafupi ndi moto.

Poyamba sipanachitike kanthu. Gitalayo inangochita nkhungu pamwamba ngati galasi lopumirapo. Kenako panamveka kaphokoso kakang'ono, kenanso, kenanso. Pamimba pa gitalayo panatuluka kamzere kopyapyala ngati tsitsi, kuchokera pabowo kutsikira pansi. Kena kanadutsa pamwamba pake. Noella anaiphimbanso msangamsanga, koma phokosolo linapitirira pansi pa bulangeti. Atavundukulanso, nkhope yonse ya gitala ya bambo ake inali mizere yokhayokha, ngati ayezi wa pachithaphwi munthu akapondapo.

Anakhala pansi, manja ali pakamwa. Mantha anamugwira, ndi manyazi omwe.

4. Ming'alu iwiri

A Ducharme anamupeza ali chomwecho. Anakoleka nsomba zawo pakhonde, anavula magolovesi, anayang'ana bulangeti, anayang'ana gitala. Sanafunse kuti chachitika n'chiyani, pakuti zonse zinali poyera.

“Ndinakuuza zinthu ziwiri,” anatero potsiriza. “Ziwiri zokha, ndipo waphwanya zonse tsiku limodzi. Bambo ako gitala iyi anayenda nayo m'chisanu choposa ichi, kumadansi a m'midzi yonse ya mumsewu uno. Tinkafika kuholo anthu atadzaza, akuomba m'manja, akutiitana maina. Armand ankaika bokosi pakona n'kukhalira. Ena ankamutukwana, ena ankati wayamba matama. Iye phee, mpaka bokosi lifunde. Sanaichititse kamzere ngakhale kamodzi. Iwe wakhala nayo m'mawa umodzi. Kukhala wolondola sikukupatsa chilolezo chochita zinthu mwaphuma, mwanawe. Anthu ambiri omwe anawononga zinthu m'tauni muno anali olondola.”

Misozi inali m'maso mwa Noella, koma anaikaniza kutsika.

Nkhalambayo inavala magalasi, inatenga tochi ndi kagalasi kakang'ono n'kusuzumira m'mimba mwa gitalayo kwa nthawi yaitali. Kenako inamuitana kuti ayandikire. Inati mizere yonseyo ili mu vanishi mokha, thabwa silinakhudzidwe, ndipo gitala idzalira ngati kale. Koma mizereyo sidzachoka mpaka kalekale. Madzi akatayika saoleka.

Kenako inaloza ndi chikhadabo pansi pa kamtanda komwe nsambo zimamangidwa. Pamenepo panali mng'alu wina, wosiyana ndi inayo, wakuda ndi fumbi, wotsegula pakamwa moti chikhadabo chinkalowa.

“Uwu ndi wa chitofu, ndipo si wa lero. Uwu ndiye wakupha. Ukanafika pabowo apa, tikanangoisandutsa nkhuni. Koma mizere ina yonseyi ndi yako.”

Noella anafunsa ngati mng'aluwo ungamatidwe. A Ducharme anati inde, koma osati lero kapena mawa. Gitalayo inayenera kukhala m'kachipinda ka nthunzi kaja milungu ingapo, thabwa limwe madzi, mng'aluwo utseke wokha pakamwa, kenako guluu. Ndipo nsambo zinayenera kuleka kukoka. Anati angozifewetsa pang'ono n'kuzisiya pomwepo.

“Zichotsedwe zonse,” anatero Noella.

“Ine ayi. Ndinanyamula nawo bokosi la maliro a Armand. Sindingachotse nsambo zake mkazi wake asakudziwa.”

“Mukazisiyapo, amayi abwera, aitenga, akaikolekanso pamsomali pompaja. Akufuna nsambozo, si choncho? Ndikawapatsa nsambozo. Gitala itsale kuno.”

A Ducharme anavula magalasi n'kumuyang'ana.

“Ganiza bwino. Nsambo yadzimbiri ikachoka sibwererapo. Ukaiwongola pomwe inapindika imathyoka. Chomwe uchite apa sichikonzeka ndi pepani, ndipo amayi ako akhoza kusakukhululukira msanga. Ine sindikugwira dzanja, koma sindikuthandizanso. Mlandu wake ukausenza wekha.”

“Ndausenza kale,” anayankha Noella.

Anakhala pampando, anaika gitala pamiyendo, nayamba kupotokola. Nsambo yaikulu inatsika mawu pang'onopang'ono mpaka inangoti lende. Anazula kamsomali kake, anaisolola, naikulunga mozungulira zala ngati momwe bambo ake ankachitira. Anatero ndi yachiwiri ndi yachitatu. Yaing'ono kwambiri inathyoka yokha asanamalize kupotokola, ndipo anatola zidutswa zonse ziwiri. Pomaliza manja ake anali ofiira ndi dzimbiri, ndipo misozi ija inali itamugonjetsa. Ankawasowa bambo ake koopsa, ndipo zinkamupweteka kuti m'nyumba mwawo munalibe malo oti anene zimenezo.

A Ducharme anaitenga gitala yopanda nsamboyo n'kukaigoneka m'bokosi lakale m'kachipinda kaja. Paketi ya nsambo zopepuka anaiika pashelefu n'kunena kuti idikire. Kenako anamuuza Noella kuti asambe m'manja, avale, azipita dzuwa lisanalowe, ndipo akanene zonse, za mizere ija zomwe, mayi ake asanazione okha.

5. Pakhomo

Dzuwa la Januwale silichedwa. Noella pofika kwawo kunali kutayamba kuda, ndipo galimoto ya mayi ake inali kale pabwalo.

Anawapeza ataima pakati pa khitchini, jekete asanavule, makiyi akulira m'manja. Ankayang'ana pakhoma. Pamwamba pa chitofu panali msomali wokha ndi chithunzithunzi cha gitala pomwe utsi sunafike.

“Ili kuti?” anafunsa osatembenuka.

“Kwa Agogo Ducharme. Ili ndi mng'alu, Amayi. Chitofuchi chaing'amba. Akuti ikhale kumeneko mpaka thabwa litamwa madzi.”

“Ndinakufunsa za thabwa?”

Noella anapisa m'thumba la jekete. Anatulutsa nsambo zija, zokulungidwa bwino, n'kuziika patebulo imodziimodzi, ndi zidutswa ziwiri zija pambali.

“Munati mukufuna chomwe bambo anachigwira komaliza. Ndi ichi. Sindinataye ngakhale kachidutswa. Musunge kuchipinda kwanu, mukiye, sindidzazikhudza. Koma gitala si chithunzi, Amayi. Bambo sanaigule kuti izipsa pakhoma.”

Mayi Flett anatembenuka. Anayang'ana patebulopo. Anatambasula dzanja, anakhudza nsambo yaikulu ija ndi chala chimodzi, n'kuchibweza msanga. Akanakalipa zikanakhala bwino. Koma analankhula motsitsa.

“Ndakulera ndekha chichokereni bambo ako. Ndimadzuka kusanache kukaphikira makolo a anthu ena kuti iwe udye, uvale, upite kusukulu. Sindinakupemphe kanthu. Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha, choti usachite, osati choti uchite. Mwana amene amadikira mayi ake atuluke kuti achite zomwe akufuna, mawa adzadikiranso wina atuluke. Lero wati unali wolondola. Akuba onse amatero. Ukanandikokera kwa Gilbert, ukanandivutitsa mwezi wathunthu, ndikanakwiya, koma ndikanadziwa kuti m'nyumba muno ndingasiye chinthu n'kuchipeza.”

Mawu amenewa anamulasa Noella, chifukwa anali oona. Koma mng'alu uja nawonso unali woona.

Mayi Flett anakoka zipi ya jekete mpaka m'khosi. Anati akukaitenga gitalayo pompano, nsambo kaya palibe, ndipo igona pamsomali pake usiku womwewo.

Noella anafika pachitseko iwo asanafike. Anatsamira msana pachitsekopo n'kugwira chogwirira kumbuyo ndi manja onse awiri.

“Mukaibweza pamwamba pa chitofu, pofika Pasaka ikhala itasweka pakati. Mundimenye, mundiletse kutuluka mpaka chipale chisungunuke, ndivomera. Koma gitala ija sibwera muno lero.”

“Choka pakhomopo, Noella.”

“Sindichoka.”

Anayang'anizana, mayi ndi mwana, msinkhu umodzi, chibwano chimodzi. Moto unkathetheka m'chitofu. Ndipo Noella anadziwa kuti chovuta sichinayambe, pakuti mayi ake ankaganizabe kuti gitala yomwe akukaitenga ndi yosalala, yowala, ngati momwe a Armand anaisiyira.

“Amayi,” anatero, mawu atatsika. “Musanapite, pali china chomwe sindinakuuzeni. Chimenecho si cha chitofu. Ndachita ndine.”

Makiyi aja anasiya kulira m'manja mwa Mayi Flett.